TAYALA LALIKULU PA VANETI: KODI MUBVI WA LIWIRO UNENABE ZOONA?

Dzinthu zikagulitsidwa ndipo ndalama zikalowa m'thumba, alimi ambiri amene ali ndi vaneti apita ku Lusaka kukagula zofunika za caka cinaco, monga fetereza, mbeu, malata ndi matayala atsopano. Munthu akafika m'tauni maso aona zambiri. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands apeza magalimoto otukuka, obvala matayala onenepa a mano akulu-akulu ngati a thirakitala. Pamenepo mtima uyamba kunena kuti, "Yanganso ikhale yotere, ndisadzatitimirenso m'matope a kwathu." Ndipo asanabwerere kumudzi, ndalama za nshawa zathera pa matayala.

Sitinena kuti tayala lalikulu n'loipa ai. Liri ndi nchito yace. Koma pali cinthu cimodzi cimene ambiri sacidziwa pogula. Vaneti ikabvala matayala otalika koposa amene inabwera nao, ziwerengero zace zonse zisokonezeka pamodzi. Mubvi wa liwiro unena zocepa, cowerengera mtunda cinena zocepa, ndipo mwini galimoto akamawerengera mafuta ace alakwitsa osadziwa. Lero tifuna kufotokoza cifukwa cace, ndi m'mene munthu angadziwire kukula kwa colakwaco asanataye ndalama kapena moyo wa munthu.

GALIMOTO SIONA MSEU

Patsogolo pa woyendetsa pali zipangizo ziwiri. Coyamba ciri ndi mubvi wonga wa wochi, ndipo cisonyeza liwiro. Amakaniko acicha sipidomita, kapena mwacidule sipido. Caciwiri ndi manambala amene asintha pang'ono-pang'ono kusonyeza makilomita amene galimoto yayenda. Cimeneci ambiri acicha mayileji, dzina lotsalira masiku aja pamene tinali kuwerenga mtunda m'mamailosi.

Zipangizo ziwirizi ziribe maso. Siziona mseu, siziona mitengo irikudutsa, sizidziwa ngati muli ku Chongwe kapena ku Katete. Nchito yace ndi imodzi yokha, ndiyo kuwerenga kuti magudumu azungulira kangati. M'magalimoto akale muli cingwe ca waya cocokera ku giyabokosi. Cingweco cizunguza kacitsulo ka maginito kuseri kwa sipido, ndipo maginitoyo akoka mubvi. Nzeru imeneyi inalembetsedwa ku Germany ndi Otto Schulze m'caka ca 1902. M'magalimoto atsopano cingwe mulibe, koma muli kacipangizo ka magetsi kowerenga mano a kagudumu kacitsulo kozungulira pamodzi ndi magudumu. Njira ziwirizi zisiyana, koma zonse ziwerenga kuzungulira basi.

Tsono opanga galimoto anauza zipangizozi kale kuti, "Gudumu likazungulira kamodzi, mudziwe kuti tayenda mtunda wakuti." Anayesa mtundawo ndi tayala limene anaika iwo eni. Inu mukasintha tayala, zipangizo sizimva za kusinthako. Zipitiriza kuwerenga monga zinauzidwa.

Alimi adziwa bwino za ogula cimanga ena amene afika m'midzi ndi tini yofutukula m'mimba. Wogulayo awerenga matini 10, ndipo mlimi aona ndi maso ace kuti alidi 10, koma cimanga cimene capita n'ca matini 11. Kuwerenga kunali koona, colakwa cinali muyeso. Tayala lalikulu ndiyo tini yofutukula ya galimoto yanu.

MANAMBALA A PAMBALI PA TAYALA

Kuti tidziwe kukula kwa colakwa, tiyenera kuyamba taphunzira kuwerenga manambala olembedwa pambali pa tayala. Titenge tayala lolembedwa 235/85 R16. Nambala yoyamba, 235, ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. Yaciwiri, 85, itiuza kutalika kwa mpira kucokera pa rimu kufika pamwamba: ndi magawo 85 pa 100 a kunenepa kuja, ndiwo mamilimita pafupi-fupi 200. Cilembo R cisonyeza mtundu wa kalukidwe ka nsambo za m'kati mwa tayala, umene kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa mu 1946. Nambala yotsiriza, 16, ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, cotero rimu ya mainchi 16 ndi mamilimita 406.

Msinkhu wa tayala lonse tiupeza pophatikiza rimu ndi mpira wa pansi ndi mpira wa pamwamba: 406 ndi 200 ndi 200, zikwana mamilimita 806.

Mavaneti ena onyamula katundu, monga Toyota Hilux ya mpando umodzi, abwera ndi matayala olembedwa 205 R16. Pamene nambala ya pakati palibe motere, muitenge ngati 80. Magawo 80 pa 100 a 205 ndiwo 164. Tsono 406 ndi 164 ndi 164 zikwana mamilimita 734.

Onani bwino apa. Matayala awiriwa onse alowa pa rimu ya mainchi 16, ndipo munthu angaganize kuti ndi ofanana. Koma lina liri ndi msinkhu wa 734, linzace 806. Tayala la 734 likazungulira kamodzi liyenda mamita 2.3, ndipo lifuna kuzungulira pafupi-fupi ka 434 kuti likwanitse kilomita imodzi. La 806 likazungulira kamodzi liyenda mamita 2.53, ndipo ka 395 kokha kilomita yakwana. Katundu akapsinja tayala manambala awa asintha pang'ono, koma kusiyana kwa matayala awiriwo kukhalabe komweko.

Cowerengera cija cidikirabe 434 cisananene kuti kilomita yakwana. Pamene tayala lalikulu lazungulira ka 434, galimoto yayenda kale mamita pafupi-fupi 1,100. Kunena mwacidule, pa 10 ali yense amene cipangizo cinena, coona ndi 11.

COLAKWA COYAMBA: LIWIRO

Ngati mubvi unali kunena zoona ndi matayala a 205 R16, ndiye mukaika a 235/85 R16 zinthu zikhala motere:

Mubvi ukaloza 40, muli pa 44.
Mubvi ukaloza 60, muli pa 66.
Mubvi ukaloza 80, muli pa 88.
Mubvi ukaloza 100, muli pa 110.

Pali cina cimene tiyenera kuonjeza kuti tinene cilungamo. Galimoto yatsopano mubvi wace uloza mopitirira pang'ono, ndipo opanga acita dala. Lamulo la nambala 39 la bungwe la United Nations, limene maiko ambiri opanga magalimoto alitsata, linena kuti mubvi usasonyeze liwiro locepera pa loona. Uloledwa kupitirira, koma osaposa magawo 10 pa 100 kuonjezapo makilomita 4. Cifukwa cace n'cakuti kulakwira ku mbali ya kupitirira sikupha munthu, pakuti woyendetsa aganiza kuti athamanga pamene ali pang'ono-pang'ono. Mpata umenewu ndiwo ucinjiriza woyendetsa. Tayala lokulirapo pang'ono lingodya mpatawo. Koma tayala loposa ndi magawo 10 pa 100 liudya wonse m'magalimoto ambiri, ndi kutembenuza colakwa kupita ku mbali yoopsya.

Tiyerekeze mlimi wocokera ku Chongwe ndi matimati, alawirira m'mamawa kuti akapeze malo pa msika wa Soweto. Alowa mu Lusaka pa mseu wa Great East Road, adutsa Chelstone ndi Munali. Aona cikwangwani ca 60, ayang'ana mubvi, uli pa 60, ndipo mtima wace uli m'malo. Koma makina a apolisi sawerenga magudumu, ayesa galimoto yeni-yeniyo. Bungwe la Boma loyang'anira za pamseu, la Road Transport and Safety Agency, limene ambiri alidziwa kuti RTSA, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, ndipo mu 2018 linayamba kuika makamera oyesa liwiro m'miseu ya Lusaka. Mlandu wa liwiro sukutha ndi mau akuti "mubvi wanga unali pa 60." Kusunga sipido yonena zoona ndi udindo wa mwini galimoto.

Ndalama ya mlandu ipweteka, koma si ndiyo yoopsya kopambana. Nthawi imene alimi alowa m'tauni kapena kutulukamo ndiyo nthawi imene ana a sukulu a ku Chelstone ndi ku Kabwata aoloka miseu. Mtunda umene mabuleki afuna kuti aimitse galimoto sukula molingana ndi liwiro ai, ukula koposa. Liwiro likaonjezeka ndi magawo 10 pa 100, mtunda woimira uonjezeka ndi magawo 21. Ngati pa 60 mabuleki akadaimitsa vaneti pa mamita 20, pa 66 adzafuna mamita 24. Mamita 4 amenewo alingana ndi utali wa galimoto yaing'ono, ndipo mwana aima m'malo ocepera apo. Kuonjeza apo, tayala lalitali ndi lolemera libvuta kuligwira, cotero mabuleki omwe aja agwira nchito yoposa imene anapangidwira. Akulu anati kuthamanga si kufika. Coipa copambana ndi kuthamanga osadziwa kuti ulikuthamanga.

COLAKWA CACIWIRI: MTUNDA

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupi-fupi 570. Vaneti ya matayala akulu aja ikafika ku Chipata, mayileji adzasonyeza pafupi-fupi 520 okha. Makilomita 50 asowa. Galimoto yawayenda, mafuta apsya, matayala adyeka, koma sanalembedwe.

Wina anganene kuti, "Nanga ciri n'kanthu?" Ciri n'kanthu pa zinthu ziwiri. Coyamba ndi oilo. Ngati buku la galimoto yanu linena kuti musinthe oilo pa makilomita 5,000 ali onse, ndipo inu mudikira mayileji, mudzasintha galimoto itayenda pafupi-fupi 5,500. Mukacita cotero caka ndi caka m'miseu ya pfumbi, injini ikalamba msanga.

Caciwiri cikhudza amene anyamulira anzao katundu. Alimi ambiri a vaneti apezako ndalama potengera anansi ao cimanga, thonje kapena fetereza, ndipo ena alipiritsa poyang'ana makilomita a pa mayileji. Wotereyu anyamula ulere kilomita imodzi pa 11 ali onse. Mwini tini yofutukula uja anali kubera ena, koma uyu adzibera yekha.

NANGA MAFUTA?

Dandaulo limene timva kawiri-kawiri ndi lakuti, "Ciikire matayala awa, galimoto yanga ingomwa mafuta ngati ng'ombe ya m'cirimwe." Dandauloli liri ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi colakwa ca ciwerengero, ndipo mbali ina ndi yoona.

Nayi citsanzo, ndipo manambala ace ndi ongophunzitsira, pakuti galimoto iri yonse iri ndi kamwedwe kace. Tinene kuti kale malita 50 a dizilo anali kukuyendetsani makilomita 550, ndiwo makilomita 11 pa lita. Mutasintha matayala, malita 50 omwewo atha mayileji atasonyeza 460. Muganiza kuti mwataya makilomita 90. Koma kumbukirani kuonjeza cimodzi pa 10 ali yense. Pa 460 onjezani 46, mupeza 506. Ndiwo mtunda woona. Cotero makilomita 46 sanataike konse, anangobisika. Otsala 44 ndiwo ataikadi, ndipo vaneti tsopano iyenda makilomita 10 pa lita m'malo mwa 11.

Kodi 44 amenewa apita kuti? Pali zifukwa zinai.

Coyamba ndi kulemera. Tayala lalikulu liri ndi mpira wambiri ndi nsambo zambiri, ndipo kawiri-kawiri lifuna rimu yaikulu m'mimba. Injini iyenera kulinyamula ndiponso kulizunguza. Nthawi iri yonse mukaima, mphamvu yonse ija itayika m'mabuleki, ndipo ponyamuka muigulanso ndi mafuta ena.

Caciwiri ndi magiya. Opanga galimoto anayesa magiya molingana ndi tayala lao. Tayala lalitali licititsa giya iri yonse kukhala yolemera, ndipo mphamvu yokankha pansi icepa ndi magawo 9 pa 100 m'citsanzo cathu cija. Ali yense amene anayesa kunyamuka ndi njinga ya magiya yosenza matumba a makala, giya iri pa yothamangira, adziwa m'mene miyendo imvera. Injini imva comweco. Woyendetsa aponda mafuta kwambiri, acedwa pa giya yoyamba ndi yaciwiri, ndipo kilachi ipsya.

Cacitatu ndi mano a tayala ndi kunenepa kwace. Mano akulu-akulu a m'matope apindika ndi kuongoka pa phula nthawi yonse, ndipo kupindikako kusanduka kutentha. Phokoso lija mumva pa tara, longa njuci, ndi mafuta anu alikupsya.

Cacinai ndi mphepo. Galimoto yotukuka ndi ya matayala otuluka m'mbali ilimbana ndi mphepo yambiri, makamaka pa liwiro lalikulu.

Ziwiri zoyambazo zipweteka kopambana m'tauni. Ganizirani ulendo wa m'mawa wocokera ku Chelstone, kudutsa pa Yunivesite ndi Manda Hill, kufika pa Kabwe Roundabout, ndi kukhotera ku Lumumba Road kulinga ku Soweto. Ndi kuima, kunyamuka, kuima, kunyamuka, vaneti itasenza. Kapena ganizirani wopereka ndiwo zamasamba m'misika ya ku Kabwata ndi ku Woodlands, amene akumana ndi maloboti ndi mahampu pa ngodya iri yonse. Kwa anthu otere tayala lalikulu ndi msonkho wa tsiku ndi tsiku.

Ena adzakuuzani kuti pa ulendo wautali tayala lalikulu lipulumutsa mafuta, cifukwa injini izungulira pang'ono pa liwiro lomwelo. Muli coona pang'ono m'mau amenewa. Injini imene inali kuzungulira ka 2,500 pa mphindi idzazungulira pafupi-fupi ka 2,280. Pa mseu wosalala wa cidikha, galimoto iri yopanda katundu, mwina mungapuleko kanthu. Koma vaneti ya mlimi siyenda yopanda katundu, ndipo mseu wa kum'mawa suli cidikha cokha-cokha. Amene anakwera mapiri a Manenekela, kufupi ndi mlatho wa Luangwa, atasenza matumba 20, adziwa kuti kumeneko giya yolemera si bwenzi. Mudzatsitsa giya msanga, ndipo kaphindu kaja kadzathera pa citunda coyamba.

Tisaiwale kumene mafuta acokera. Dziko lathu liribe nyanja yamcere. Mpope wa TAZAMA, umene unatsegulidwa mu 1968, uyenda makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo mu 2023 unasinthidwa kuti uzinyamula dizilo woyengedwa kale. Kuyambira 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kulengeza mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi. Mlimi alibe mphamvu pa mtengo wa lita. Mphamvu yace iri pa ciwerengero ca malita amene galimoto yace imwa.

PHINDU LACE N'LOTANI?

Cifukwa cacikulu cimene mlimi afunira tayala lalitali ndi kuti mimba ya galimoto isagunde pansi m'dzinja. Cifukwaci n'comveka. Miseu ya kumidzi ikumbika ndi ngolo ndi mvula, ndipo ngakhale mu Lusaka momwe madzi aima m'miseu ina mvula ikagwa yambiri, nabisa maenje.

Koma tiyeni tiwerenge. Tayala lakula kucoka pa 734 kufika pa 806, ndiko kusiyana kwa mamilimita 72. Galimoto situkuka ndi 72 yense ai, pakuti theka la kukulako liri pamwamba pa gudumu, kumene sikuthandiza kanthu. Difu, imene iri mbali yotsikitsitsa ya pansi pa galimoto, itukuka ndi mamilimita 36 okha. Gundanitsani zala ziwiri, muone. Ndico cimene mwagula.

Kwa munthu amene mseu wa kumunda kwace uli ndi mtumbira pakati, zala ziwirizo nthawi zina ndizo zisiyanitsa kudutsa ndi kugona m'chire. Woteroyo agule, koma agule alikudziwa mtengo wace wonse. Kwa munthu amene ayenda pa tara masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dziwaninso kuti tayala lalikulu silionjeza katundu amene vaneti ingasenze. Masipulingi ndi omwe aja, mabuleki ndi omwe aja. Ndiponso galimoto yotukuka ipendama msanga pokhota, makamaka matumba akasanjikidwa kupitirira denga. Nthawi zina tayala lalitali likhula madigadi pokhota kapena polowa m'dzenje, ndipo ling'ambika lisanathe.

YESANI NOKHA

Simusowa makina odula kuti mudziwe colakwa ca galimoto yanu. Nazi njira zitatu.

Njira ya coko. Imikani vaneti pa bwalo lolimba ndi losalala. Lembani cizindikiro pa tayala pamene lakhudza pansi, ndi cina pa nthaka. Anyamata akankhe galimoto molunjika mpaka tayala litazungulira ka 10. Lembaninso pansi, ndi kuyesa mtundawo ndi tepi. Citani izi ndi tayala lakale musanalicotse, ndiponso ndi latsopano. Ngati lakale linayenda mamita 23 ndipo latsopano 25, gawani 25 ndi 23, mupeza 1.09. Nambala imeneyi ndiyo muziculukitsa nayo ziwerengero zonse za galimoto yanu.

Njira ya wochi. Galimoto yoyenda pa 60 yeni-yeni imaliza kilomita imodzi pa mphindi imodzi, ndiwo masekondi 60. Pezani mseu wowongoka kunja kwa tauni, pamene pali zikhomo zosonyeza makilomita ndipo lamulo lilola liwiro limeneli. Sungani mubvi pa 60, ndipo mnzanu agwire wochi. Ngati kilomita yatha pa masekondi 55, liwiro lanu loona lapitirira 65.

Njira ya foni. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi GPS, imene iyesa liwiro ndi mtunda popanda kuwerenga magudumu. Pa mseu wowongoka ndi pa liwiro losasintha-sintha inena zoona ndithu. Foniyo aigwire mnzanu wokhala pambali. Manja a woyendetsa akhale pa ciongolero.

Mukapeza colakwa, funsani makaniko wodziwa ngati cingakonzeke. M'magalimoto akale a cingwe asintha kagiya kakang'ono ka pa giyabokosi. M'magalimoto ena atsopano auza kompyuta ya galimoto msinkhu wa tayala latsopano, kapena aika kacipangizo kokonza ciwerengero. Ngati zonsezi sizitheka, lembani pa kapepala ndi zilembo zazikulu, "60 NDI 66, 80 NDI 88," kapena manambala amene mwapeza inu, ndipo mumate pafupi ndi sipido. Kapepalako ndi ka mwana wanu ndi wanchito wanu yemwe, pakuti iwo sadziwa cimene mudziwa inu.

MUSANATULUTSE NDALAMA

1. Werengani kapepala ka pa mphuthu ya citseko ca woyendetsa, kapena buku la galimoto. Pamenepo palembedwa msinkhu wa tayala loyenera ndi muyeso wa mpweya.

2. Werengerani msinkhu wa tayala latsopano monga tasonyezera, muli m'sitolo momwemo. Odziwa za matayala alangiza kuti kusiyana kusapitirire magawo 3 pa 100. Pa tayala la mamilimita 734, ndiye kuti musapitirire 756.

3. Ngati bvuto lanu ndi kuterera m'matope, mwina cofunika si msinkhu koma mano. Tayala la msinkhu womwewo la mano ogwira bwino silisokoneza ciwerengero ciri conse. Ngati mufuna lonenepako, 225/75 R16 liri ndi msinkhu wa 744, ndipo 245/70 R16 liri ndi 749. Onse awiri ali m'kati mwa malire. Funsani ngati rimu yanu ingawalandire.

4. Yang'anani nambala ya katundu. Tayala la vaneti likhala ndi cilembo C kapena LT, ndi nambala yonga 110. Nambala 110 itanthauza kuti tayala limodzi lisenza makilogalamu 1,060. Tayala lalikulu la galimoto yoyendera lingakhale lofooka koposa laling'ono la katundu.

5. Pogula matayala a salaula, funani manambala anai osonyeza nthawi imene tayala linapangidwa. 2321 ndiye kuti sabata la 23 la caka ca 2021. Mpira ukalamba ngakhale mano akalipo.

6. Matayala onse akhale a msinkhu umodzi, ndi la sipeya lomwe. Awiri osiyana pa ekiselo imodzi aononga difu, ndipo pa galimoto yokoka ndi magudumu onse anai aononga zambiri.

7. Yesani mpweya sabata iri yonse, m'mawa matayala asanatenthe. Tayala lophwa limwetsa mafuta, kaya likhale lalikulu kaya laling'ono.

8. Sungani kabuku m'galimoto. Dzazani thanki, lembani mayileji, ndipo podzazanso lembani malita ndi mayileji atsopano. Konzani mtunda ndi nambala yanu ija musanagawe ndi malita. Mukatero miyezi iwiri kapena itatu, mudzadziwa nokha cimene matayala akudyerani, osati ca kumva kwa ena.

Alimi anzathu, palibe mmodzi wa ife amene alola kugulitsa cimanga cace pa sikelo imene sanaiyese. Sipido ndi mayileji ndiwo sikelo ya galimoto. Amene mwaika kale matayala akulu, tengani coko ndi tepi Loweruka likudzali, muyese, ndipo mulembe kapepala kaja musanapitenso ku Lusaka. Amene mukali kuganiza, tengani pensulo pamodzi ndi ndalama popita ku sitolo.